Makona Akuda a ku Kasakula

Mnyamata wophunzitsa masamu akagwa m'chikondi, abale, konzekani, chifukwa ngakhale mtima wa amayi ake amafuna aupezere njira yowerengera. Chikhumbo, mphunzitsi wa pa sekondale ina kufupi ndi Dowa Boma, anali atayesa zonse kuti amayi ake amuvomere Takondwa. Anayesa mawu ofatsa, anayesa mavesi, anatumako ngakhale azakhali ake. Yankho linkabwera lomwelomwelo.

"Mtsikana wa Chikatolika wa ku Dzoole? Pakhomo panga pano ayi."

Chifukwa chake sankanena. A Ester, amayi akewo, anali a Chigwirizano odziwika Kasakula yense, telala wosoka mayunifolomu a ana a sukulu, munthu woseka ndi aliyense. Koma ungotchula Dzoole, kuseka konse kunkathera pomwepo.

Tsiku lina masana Chikhumbo analowa m'kashopu ka Takondwa kuseri kwa msika, mano onse ali pamtunda. Anamupeza ali pa makina ake odulira, aja otalika ngati mtsamiro, okhala ndi kampeni kotsata chojambula cha pakompyuta. Ndi makina amenewo Takondwa ankadula zomata, mayina oika pa keke ndi maluwa a pepala a pa ukwati.

"Amayi sagonja ndi makutu, koma ndi maso," anatero Chikhumbo, akuika kachithunzi kakale patebulo. "Loweruka ndi chinkhoswe cha mlongo wanga Thandiwe. Amayi akungodandaula kuti abambo sadzaona mwana wawo akutengedwa. Awa ndi malemu abambo, a Nathaniel, akadali mnyamata. Ukawakuza n'kuwadula bwinobwino kuti akhale patebulo la ulemu, ndikulumbira, amayi adzakufunsa okha dzina."

Kachithunziko kanali kofumbwa, kakang'ono ngati bokosi la machesi. A Nathaniel anaima atavala chipewa, ndipo pambali pawo panali mnzawo atawakoleka dzanja paphewa, nkhope yake ili mumthunzi, yosaposa njere ya nyemba.

"Pa pepala wamba la A4 sizitheka," anatero Takondwa. "Anthu a kumbuyo aziona ngati mwaimika chiphaso. Pakufunika pepala lalikulu la A3. Makinawa angadule, kamphasa komata kakakulu ndili nako. Koma pulinta yanga pepala lotero siingameze."

"Lachisanu ndikupita ku Lilongwe kukagula za chinkhoswe. Ndikapulintitsa komweko, n'kulunjika kumudzi."

"Ndiye tchera khutu, aphunzitsi. Makinawa ali ndi diso limodzi, ndipo nkhope ya munthu saiona. Amangoona timizere takuda timene ndiike m'makona a pepala. Akatipeza, amadziwa pamene chithunzi chayambira ndi pamene chathera. Opulintawo asachepetse chithunzi ngakhale pang'ono, apo ayi mpeni udzadutsa pakhutu pa abambo ako. Usapinde pepala. Ndipo makonawo asakhudzidwe."

"Ndiye makinawa ndi mbale wanga," anatero Chikhumbo. "Inenso m'Dowa monse muno sindiona nkhope ya munthu. Ndimangoona timizere tiwiri takuda tili pamwamba pa maso ako."

"Choka apa, iwe! Umawaphunzitsa zimenezi ana a eni?"

Anamuponyera chidutswa cha pepala, koma Chikhumbo atatuluka anakhala akumwetulira yekha mpaka makina anamaliza kudula iye osazindikira.

* * *

Lachisanu foni ya Takondwa sinapume ndi mauthenga a Chikhumbo.

"Ndafika. Pepala ndi lalikulu ngati chikondi changa."

"Wayeza?"

"Ndabwera ndi rula ya m'kalasi. Loyamba anachepetsa, ndawabweza. Akundiyang'ana ngati wamisala."

"Sakulakwitsa. Makona alipo?"

"Onse. Ndalikulunga ngati mkeka, ndalifungatira m'minibasi. Mayi wina wafunsa ngati ndi satifiketi."

Akuwerenga uthenga umenewo, pakhomo panaima a Petulo, amalume ake, atasenza kathumba ka mtedza. Ndiwo anamulera bambo ake atamwalira, ndiwo anagulitsa ng'ombe kuti makinawo agulidwe. Anali munthu wanthabwala, wa nsidze yakumanzere yogawika pakati ndi chipsera cha tcheni cha ngolo chimene chinawamenya ali mnyamata.

"Kuseka ndi foni kotereku si kwa kasitomala," anatero. "Mbumba yanga, jekete ndinagula kale, likungodyedwa ndi njenjete. Unkhoswe wangawu uyamba liti?"

"Amayi ake akukana, amalume. Akuti ndine wa Chikatolika."

A Petulo anatsitsa thumba pang'onopang'ono. "Za matchalitchi zinatilakwitsa ife akale. Inu musabwereze. Kwawo n'kuti mnyamatayo?"

"Ku Kasakula. Mawa ndikupita komweko ndi makina."

"Kasakula," anabwereza, akukanda nsidze ija. "Mwana wa yani?"

"Za makolo ndikuuzani akandivomera. Ndisachite manyazi kawiri."

Sanaumirize. Anangoti mawa lake nawonso akwera lole ya mnzawo yokagula soya cha kumapiri komweko, ndipo akaweruka msanga adzamuimbira.

* * *

Tsono ku Kasakula kunali Rejoice. Mtsikana ameneyu ankatsogolera kwaya, ankawanyamulira a Ester Baibulo, ndipo anali atasankha kale m'maganizo mwake kuti makatani a m'nyumba ya Chikhumbo adzakhala amtundu wanji. Ntchito yokongoletsa pa chinkhoswe inali yake, ndiye atamva kuti chithunzi chapangidwa ndi mtsikana wa ku Dzoole uja, mtima unamuwawa koopsa.

Chikhumbo anayala pepala lija patebulo losokera la amayi ake, n'kulitsindika ndi mabuku a nyimbo kuti liwongoke. Kuchepetsa anakuletsa, kupinda anakupewa, koma za makona anaiwala kuuza munthu. Anathamangira kutchalitchi kukatenga mabenchi.

A Ester ataona amuna awo atakula chomwecho, anakhala pansi osadziwa kuti akhala. Anasisita chipewa chija ndi chala, misozi ili lengelenge.

"N'chokongola ndithu, amayi," anatero Rejoice ali kumbuyo kwawo. "Kungoti zakudazi. Taonani m'makonamu. Ngati pulogalamu ya maliro. Kaya kwawoko amatero pa chisangalalo, ife sitidziwa."

"Maliro a amuna anga ndinalira kale," anatero a Ester. "Mawa ndi tsiku la mwana wanga."

Anatenga sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu. Khwapu, khwapu, makona onse pansi. Anadula mwaluso ndithu, mozungulira bwino, mwa telala weniweni.

* * *

Loweruka m'mawa Takondwa anakwera mapiri a Ntchisi pa njinga yamoto ya kabaza, makina atawakulunga m'bulangeti n'kuwafungatira ngati khanda. Anafika fumbi lili mpaka m'nsidze. Pabwalo panali piringupiringu, amayi akusenda anyezi, anyamata akulimbana ndi zokuzira mawu. Anagwada pakhonde.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka. Ndinu a makina aja? Lowani."

A makina! Dzina lake ankalidziwa bwino, koma sanafune kulitchula. Takondwa analowa. Chikhumbo anali atakokera kale batire la sola m'chipinda chosokera, akuyendayenda monyadira. Atachotsa mabuku a nyimbo aja, anapeza makona onse atadulidwa.

Takondwa anayesabe. Anamata pepala pa kamphasa, makina analikoka, kagetsi ka diso kanayaka. Kanapita kukona, kanabwerera, kanapitanso, kenaka makina analira n'kulavula pepala. Anayesanso, zomwezo.

"Makina a ku Boma aopa mapiri," anatero Rejoice ali pakhomo, akuseka mobisa pakamwa.

"Ndani wadula ma..." anayamba Chikhumbo, koma Takondwa anamuponda chala mwamphamvu mpaka mawu anathera m'khosi.

A Ester anaona phazi limenelo. Telala saphonya kanthu kakang'ono.

"Mtsikana iwe, chavuta n'chiyani? Usandibisire."

Takondwa anagwadanso. Akanatha kunamizira batire, koma anaona kuti bodza la tsiku loyamba silichoka pakhomo.

"Amayi, timizere takuda tija sitinali ta maliro. Ndi timene makinawa amaonera njira. Tikanatsala pa zinyenyeswa, pa abambo sitikanaoneka. Kulakwa n'kwanga, ndinayenera kulemba pambali kuti tisachotsedwe."

A Ester anayang'ana sizasi yawo, anayang'ana pepala, anayang'ana Rejoice. Kenaka anaphulika kuseka, kuseka kogwira m'mimba.

"Mayo ine! Safunsa anadya phula! Ndawachititsa khungu makina a mwana wa eni, iye n'kumapondanso chala cha mwana wanga kuti ine ndisachite manyazi. Rejoice, nsalu za pa shedi zija zadzimanga zokha? Kazipita. Iwenso Chikhumbo tuluka, waima ngati mtengo wa magetsi."

Atatsala awiri, a Ester anafunsa motsitsa mawu ngati panali njira ina. Kupita ku Lilongwe kunali kosatheka, alendo anali m'njira.

"Diso la makina lafa, amayi," anatero Takondwa. "Koma m'nyumba muno muli diso lina limene limawadziwa abambowa kuposa makina. Inu dulani. Ine ndizikutembenuzirani pepala."

* * *

Anakhala moyandikana pa benchi, mapewa akugundana. A Ester anatenga kasizasi kawo kakang'ono kodulira ulusi, ndipo Takondwa ankazungulitsa pepala pang'onopang'ono kuti dzanja lawo lisapotoke.

"Chipewa ichi anabwereka," anatero a Ester. "Mwini wake anachilonda chaka chathunthu. Samala apa, khutu ili linali lotambasuka ngati la mbewa, ndipo mnyamata wako uja watengera."

"Mnyamata wanga uti, amayi?"

"Usandipusitse, iwe. Amene wamuponda uja."

Anaseka onse mpaka anaimitsa kaye sizasi. A Ester anasimba za phewa lakumanja limene linatsika ndi kusenza mabelo a fodya, za mmene a Nathaniel ankaimbira besi molakwitsa koma mokweza kuposa kwaya yonse. Takondwa anamva kukoma mumtima, kukoma kumene anali asanakumvepo chiyambire chibwenzi chawo.

Sizasi inafika paphewa pamene panali dzanja la mnzawo uja.

"Uyu ndiye ndimudula ndi mtima wanga wonse," anatero a Ester.

Apa m'pamene Takondwa anayang'anitsitsa nkhope yachiwiriyo. Pakompyuta inali kachidontho chabe, ndipo maso ake onse anali pa a Nathaniel. Koma pa pepala lalikulu njere ya nyemba ija inali itasanduka munthu: mnyamata woseka, wa nsidze yakumanzere yogawika pakati.

"Anali ndani, amayi?" anafunsa Takondwa.

"Petulo wa ku Dzoole. Ndisanakwatiwe ndi a Nathaniel, wanga anali ameneyu. Tsiku la chinkhoswe chathu tinaphika, tinasesa, ankhoswe anga anakhala pamkeka ndi thadzi m'manja kudikira tambala wa kuchimuna. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, linalowa. Akwawo anamuletsa chifukwa cha tchalitchi, ndipo iye analibe ngakhale mtima wodzandiuza yekha. Mnzakeyu ndi amene anabwera kudzapepesa. Anapepesa, anapepesa, mpaka anandikwatira." Anaseka pang'ono, koma diso linali lonyowa. "Ndinapeza mwamuna wabwino, sindidandaula. Koma manyazi a tsiku limene lija sanachoke. Ndikamuona Petulo lero, ngakhale ali ndi imvi, mtondo uwo udzamutsata."

Khwapu. Nkhope ija inagwera pansi. Zala zinayi zokha ndi zimene zinatsala paphewa la a Nathaniel, chifukwa kuzichotsa kukanaboola jekete.

"Zisiye," anatero a Ester. "Anthu aziti ndi mngelo."

Takondwa anawerama ngati akutola zinyenyeswa, n'kulowetsa nkhope ya amalume ake m'chikwama.

* * *

Koma chinkhoswe chinakoma, abale! Takondwa anamata chithunzi pa katoni yolimba, n'kuchiimika patebulo la ulemu pakati pa maluwa. Thandiwe atavundukulidwa chitenje n'kuona bambo ake akumuyang'ana ndi chipewa chobwereka chija, analira ndi kuseka nthawi imodzi. Nkhalamba zinkabwera kudzaloza khutu lija n'kumati ndi yemweyo, Nathaniel ndithu. Tambala ndi thadzi zinasinthana manja, nthungululu zinang'amba phiri, ndipo Rejoice anatsogolera nyimbo maso ali kumbali.

Pa nthawi ya perekaniperekani a Ester analowa m'bwalo akuvina, n'kulunjika kumene Takondwa anabisala kuseri kwa amayi ophika. Anamugwira dzanja n'kumukokera pakati pa anthu onse.

"Takondwa! Dzavine ndi ine, mwananga."

Dzina lake, pakamwa pawo, pamaso pa Kasakula yense. Chikhumbo anaponya m'lichero ndalama zonse za m'thumba, mpaka ya minibasi yobwererera. Takondwa anavina, anasangalala zenizeni, ndipo kwa nyimbo imodzi yathunthu anaiwala chimene chinali m'chikwama.

Dzuwa litapendeka, a Ester anamukhazika pakhonde, Chikhumbo ali chapatali akunamizira kupinda mawaya.

"Ndakhala ndikulanga mudzi wonse chifukwa cha munthu mmodzi," anatero. "Lero ndadula makona osafunsa, ndipo ndaona kuti ndi mmene ndinakudulira iwenso. Za matchalitchi akuluakulu adzakambirana. Mwini mbumba kwanu ndani?"

"Amalume anga, amayi. Ndiwo anandilera."

"Ndiye ndikufuna ndiwaone."

Pomwepo foni inalira m'chikwama. Takondwa anaitulutsa mosamala kuti chidutswa chija chisatuluke nayo. Anafuna kuidula, koma a Ester anamukodola kuti ayankhe, ndipo mawu a amalume anamveka khonde lonse.

"Mbumba yanga, soya tagula, lole yaima pamsika pa Kasakula pompano. Usavutike ndi kabaza, makinawo akwere nafe. Nyumba yake ili cha kuti?"

"Amalume, dikirani komweko, ine ndi..."

"Ali pamsika?" A Ester anaimirira ndi chimwemwe. "Mulungu ndi wabwino! Munthu wolera mwana wotereyu adikire pamsika ngati wogulitsa tomato? Chikhumbo! Tenga njinga ukawatenge amalume ake a Takondwa. Thamanga!"

"Chikhumbo, taima kaye!"

Anamva ngati? Mnyamata anali atadumphira kale pa njinga yamoto ya mlamu wake watsopano, akuimba huta ngati wapambana chisankho. Fumbi lokha ndi limene linamuyankha Takondwa.

Iye ndi amene anapempha pepala lalikulu. Walira mvula walira matope. Anatsegula pakamwa kuti aulule, koma a Ester anali atazungulira kale kuseri kwa nyumba, akuitana ana kuti atseke khola.

"Mlendo wotere salandiridwa chimanjamanja," anamveka akutero. "Gwirani thadzi lija lamawangamawanga, lonenepalo. Aliwone lamoyo tisanalizinge."

Kumunsi kwa phiri kulira kwa njinga kunazima, kenaka patapita kanthawi kunayambanso, kukukwera. Takondwa anaimirira pakhonde atakumbatira chikwama. A Ester anakonza duku lawo, anasasa chitenje, n'kukaima pachipata akumwetulira, maso ali kumsewu, thadzi lili m'manja.